Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: zipatala zikusowa anthu, anamwino ali pakhomo

Olemekezeka a Nduna,

Ndakulemberani ngati mzamba amene ndinakalambira m'zipatala za dziko lino, ndipo nkhani yanga ndi imodzi. Aliyense amene anaimapo pamzere wa kuchipatala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka akudziwa kuti ogwira ntchito ndi ochepa. Koma m'makomo mwathu muli anamwino, azamba, ma clinical officer ndi akatswiri a kulabu amene anamaliza sukulu, anakhoza mayeso, ziphaso zili m'manja, koma akungokhala. Odwala akusowa wowaona, pamene owaonawo akusowa ntchito. Pempho langa ndi lakuti Unduna wanu ufufuze mozama njira yonse imene munthu wa zaumoyo amayenda, kuchokera tsiku lolowa sukulu, kulembedwa ntchito, kutumizidwa kudera, mpaka tsiku limene wasiya kapena wapuma, ndipo zimene mupezezo ndizo zizitsogolera kalembedwe ka anthu ntchito m'dziko muno.

Ndikudziwa kuti malipoti alembedwapo ambiri. Nthawi zambiri timamva akuluakulu akunena kuti mipata yakutiyakuti ya anamwino kapena madokotala ilibe anthu. Vuto ndi lakuti mipata imeneyi imawerengedwa poyerekeza ndi mndandanda wa maudindo umene unavomerezedwa papepala, mwina zaka zingapo zapitazo, chigawo chisanadzaze anthu, msika usanakule, matenda a shuga ndi BP asanachuluke chonchi. Komanso udindo umene uli papepala koma Unduna wa Zachuma sunauikire ndalama, palibe amene angalembedwepo. Choncho chiwerengero cha anthu amene odwala akufunikira, cha maudindo olembedwa, ndi cha maudindo amene boma lingalipire chaka chino, ndi zinthu zosiyana, ndipo tikazisakaniza timangonamizana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti dziko limafunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 pa anthu 1,000 alionse kuti thandizo la chipatala lifikire aliyense. Ife tili kutali kwambiri ndi mlingo umenewu. Koma kudziwa kuti tili kutali sikutiuza kuti mzamba wotsatira timutumize ku Nthalire, ku Makanjira kapena ku Likoma, kapenanso kuti malipiro ake achokera thumba liti.

Mundilole ndikuuzeni za mwana wa mchemwali wanga. Anaphunzira unamwino ndi uzamba zaka zitatu pa sukulu ina ya mishoni, makolo ake anagulitsa ng'ombe ndi fodya wa zaka ziwiri kuti fizi ikwane. Lero amakhala m'kakontena pamsika, akutumizira anthu ndalama pafoni. Chaka ndi chaka amayesetsa kulipira kuti chiphaso chake chisathe mphamvu. Akamva kuti kuchipatala kukufunika wa lokamu, kutanthauza wogwirizira ntchito kwa kanthawi, amathamanga, nagwira naiti, ndalama yake n'kubwera patapita miyezi. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi aakulu, ndikuopa kuti tsiku limene adzandiitane manja angawa adzakhala ataiwala kupeza mtsempha wa mwana." Izi zinandilasa mtima chifukwa ndi zoona. Uzamba umakhala m'zala. Munthu akatha zaka ziwiri osabereketsa, osasoka, osaona mayi akutaya magazi, mantha amalowa pamene panali luso. Ndalama imene banja ndi boma zinaika mwa mtsikana ameneyu ikusungunuka tsiku ndi tsiku, ndipo palibe buku la boma limene likulemba kuti dziko laluza.

Makilomita ochepa kuchokera pamsika umenewo pali chipatala chaching'ono pamene namwino mmodzi amayamba ndi sikelo ya amayi mmawa, masana ali ku njira zakulera, usiku akumugogodera pakhomo kuti kwabwera mayi pa njinga ya kabaza, matenda ayamba. Akapita kumsonkhano kuboma, ogawa mankhwala amakhala wothandiza amene analembedwa ntchito yosesa ndi kukolopa. Namwino ameneyu akapsa mtima n'kukalipira gadiyani, ife timathamangira pa Facebook kumunyoza. Sindikuikira kumbuyo mwano, koma munthu amene sanagone masiku atatu sakhalanso yemwe uja analumbira pa tsiku lomaliza maphunziro.

A Nduna, dziko lino linasonyezapo kale kuti likawerenga bwino limatha kuchita zinthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Edzi inkatenga ogwira ntchito m'zipatala, ena ambiri ankapita ku Britain, mawodi anatsala opanda anthu. Mu 2004 boma linavomereza poyera kuti zinthu zafika poipa ndipo linakonza ndondomeko yapadera ya zaka zisanu ndi chimodzi mothandizidwa ndi boma la Britain ndi thumba la Global Fund. Magulu 11 a ogwira ntchito anawonjezeredwa 52 peresenti pa malipiro, sukulu zinakulitsidwa, alangizi a zaumoyo analembedwa ambiri, ndipo anthu amene anasiya ntchito anaitanidwanso. Pofika 2009 chiwerengero cha ogwira ntchito m'magulu amenewa chinali chitakwera ndi theka, kuchoka pa anthu oposa 5,000 kufika oposa 8,000. Ife amene tinali m'mawodi tinaona kusintha ndi maso athu. Chinapangitsa kuti ziyende ndi chakuti maphunziro, malipiro ndi kulemba ntchito zinakonzedwa pamodzi, pa tebulo limodzi.

Chimene chinatsatira ndi chakuti mbali ya sukulu inapitiriza kukula koma mbali yolemba ntchito inatsalira. College of Medicine, imene inatsegulidwa mu 1991, inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala yunivesite ya KUHeS mu 2021. Malawi College of Health Sciences ikuphunzitsa ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba. Yunivesite ya Mzuzu ikutulutsa anamwino. Sukulu za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo ya chikhristu, monga za ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, Nguludi ndi Malosa, zikutulutsa achinyamata chaka chilichonse, ndipo sukulu za anthu wamba nazo zawonjezeka. Zonsezi ndi zabwino, sindikufuna kuti sukulu ngakhale imodzi itsekedwe. Koma walira mvula walira matope. Amene wavomereza kuti kalasi ya anamwino ikule ayenera kudziwa kuti pakatha zaka zitatu kapena zinayi anthu amenewa adzafuna malipiro, nyumba ndi wodi yogwiramo. Funso loti sukulu iliyonse itenge ophunzira angati, a maphunziro ati, lisamayankhidwe ndi kukula kwa hositelo. Mwina tikuchulutsa gulu lina pamene ogonetsa odwala kuthiyeta, akatswiri a matenda a maganizo, a mafupa ndi okonza makina a chipatala akusowa. Kafukufuku ndi amene angatiuze.

Masiku ano kulemba anthu ntchito kwasanduka chinthu chodikira tsoka. Mu 2020 Covid-19 itafika, boma linalengeza kuti lilemba anthu 2,000. Chaka chomwecho, pa intaviyu ya alangizi a zaumoyo ku Mzuzu, khamu linali lalikulu moti anthu anapondana ndipo ambiri anavulala. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, inabweretsanso makontirakiti a miyezi yochepa, chimodzimodzi namondwe wa Freddy. Mliri ukatha, kontirakiti imatha, munthu amabwerera kumsika. Anthu amenewa analipo mliri usanabwere, ndipo amayi ankafa pobereka mliri usanabwere.

Palinso gulu lalikulu la anthu amene amagwira ntchito m'zipatala zathu koma malipiro awo amachokera kunja. Mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake, tinaona m'zipinda zoyezera magazi ndi zolandirira ma ARV momwe tinkadalira anthu amene sali pa mndandanda wa malipiro a boma. Unduna uyenera kudziwa, chipatala ndi chipatala, kuti ndi ndani amene akulipidwa ndi mabungwe, akugwira ntchito yanji, kontirakiti yake itha liti, ndipo ndi angati amene boma lingawatenge chaka chilichonse. Pangano lililonse latsopano ndi bungwe lothandiza lizinena momveka kuti anthuwo adzapita kuti pulojekiti ikatha.

Chovuta china ndi chakuti nkhani ya munthu mmodzi imagwiridwa ndi maofesi ambiri amene mabuku awo salankhulana. Polemba anthu ntchito, Health Service Commission ili ndi gawo lake, Local Government Service Commission ndi makhonsolo ali ndi lawo, nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma imavomereza maudindo, Unduna wa Zachuma ndi umene uli ndi chikwama, ndipo ogwira ntchito m'zipatala za CHAM amalipidwa ndi ndalama za boma koma olemba ntchito ndi ena. Bungwe la Nurses and Midwives Council ndi la Medical Council akudziwa amene ali ndi ziphaso, koma chiphaso sichinena ngati mwiniwake ali ku wodi ku Ntchisi, ali ku Johannesburg, akugwira kubungwe ku Area 10, kapena akugulitsa kaunjika. Kuwonjezera mafunso ochepa pa fomu imene munthu amadzaza pokonzetsa chiphaso chake, onena komwe ali ndi ntchito imene akugwira, sikufuna ndalama zambiri. Ndipo chonde, a Unduna wa Zachuma akhale nawo pa ntchitoyi kuyambira tsiku loyamba. Lipoti limene iwo adzangolilandira litasindikizidwa kale lidzathera m'kabati ku Capital Hill.

Pa za kumidzi ndingonena mwachidule chifukwa mukuzidziwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi, pamene akatswiri ambiri ali m'mizinda inayi ya zipatala zazikulu. Kungolemba kalata yotumiza munthu kudera sikumusunga kumeneko. Afunseni amene anakana kupita ndi amene anathawako. Ena adzanena za nyumba yodontha, ena za magetsi ndi madzi, ena za sukulu ya ana, ndipo ambiri adzanena kuti ukapita kutali umaiwalika: kukwezedwa kumakudutsa, mwayi wa maphunziro umathera kwa amene ali pafupi ndi maofesi. Mayankho awo ndi amene angakuuzeni ngati ndalama yochepa imene ilipo ipite ku alawansi, ku nyumba, kapena ku lonjezo lolembedwa loti ukagwira zaka zakutizakuti kudera lovuta udzakhala woyamba kupita kusukulu.

Nkhani ya opita kunja nayo ikufuna chilungamo. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko 55 amene maiko olemera sayenera kukakopako ogwira ntchito zaumoyo mwachisawawa. Chitetezo chimenechi n'chofunika. Komabe n'kovuta kuuza namwino amene wakhala pakhomo zaka zitatu kuti asachoke chifukwa dziko likumufuna, pamene dzikolo silinamupatse ntchito. Amene ali pantchito nawonso malipiro awo anaphwa mphamvu kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ine mtima wanga umafuna kuti ana athu atumikire kwawo. Koma ngati ena adzapitabe, apite kudzera pa mapangano a boma ndi boma amene akuwateteza ku maejenti akuba, amene akubweza kanthu ku sukulu zathu, ndipo dziko lizidziwa kuti apita angati ndi a luso lanji. Amene amatipweteka kwambiri akachoka ndi aphunzitsi a anamwino ndi akatswiri a zaka zambiri pantchito, chifukwa mmodzi wa iwo salowedwa m'malo ndi chiphaso chatsopano.

Njira zochitira kafukufukuyu zilipo kale. WHO inatulutsa buku lotsogolera ntchito imeneyi mu 2021, ndipo mu Meyi 2024 ku Windhoek maiko a mu Africa anakhazikitsa pangano loika ndalama mwa ogwira ntchito zaumoyo. Ndondomeko yathu yoyendetsera ntchito zaumoyo ya HSSP III ikuthera mu 2030, ndiye nthawi yatsala pang'ono. Akatswiri ochita ntchitoyi tili nawo ku KUHeS ndi ku National Statistical Office ku Zomba, ndipo mabungwe a anamwino, a ma clinical officer ndi a madokotala akudziwa komwe mamembala awo osalembedwa ntchito ali.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo. Ndikupempha kuti bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo, Unduna wanu upereke ku komiti ya zaumoyo ya aphungu, komanso poyera kwa ife tonse, chiwerengero cha boma lililonse: ogwira ntchito amene alipo, amene akulipidwa ndi mabungwe, amene ali ndi ziphaso koma alibe ntchito, ndi amene boma lawaikira ndalama kuti liwalembe m'zaka zitatu zikubwerazi. Chiwerengerocho chizikonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo sukulu zizichiona zisanaitane ophunzira atsopano.

Ine wanu,
Mzamba wopuma ntchito, m'chigawo chapakati