Tisanagule sisitemu, tizifunsa kaye kuti wakuba adzalowera pati

Akonzi,

Ndimadya za kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo pali chizolowezi china m'dziko muno chimene chimandiwawa. Timagula sisitemu, kuikhazikitsa ndi mwambo waukulu, za chitetezo n'kumadzafunsa madzi atafika kale m'khosi.

Cashgate ya 2013 tonse timaikumbuka. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa Epulo ndi Sepitembala chaka chimenecho. Anthu ankalowa mu IFMIS, sisitemu ya pa kompyuta imene boma limayendetsera ndalama zake, kulemba malipiro a katundu amene boma silinalandire, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zimene alembazo. Sanali akuba ochokera kutsidya kwa nyanja ayi, ambiri anali a m'nyumba momwemo. Mu Febuluwale 2024 tinamvanso Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, akuuza Nyumba ya Malamulo kuti sisitemu ya mapasipoti yathyoledwa ndipo othyolawo akufuna dipo. Mapasipoti anaima kwa masabata ambiri, anthu ofuna kupita kukalandira thandizo la chipatala, kusukulu ndi kukagula katundu ali manja m'khosi.

Pali ntchito imene akatswiri amaitcha threat modeling. Musanalembe mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu, mumakhala pansi n'kujambula sisitemu yonse: alowa ndani, uthenga uyenda kuchoka pati kupita pati, usungidwa kuti. Mukatero mumafunsa pa khomo lililonse kuti, apa chingalakwike n'chiyani? Mmisiri wanzeru amadziwa pokhala mabagalabazi nyumba ikadali papepala, sadikira kuti akuba amuonetse zenera.

Zida zothandiza pa ntchitoyi zilipo, ndipo n'zaulere. Microsoft Threat Modeling Tool ndi imodzi, ina ndi Threat Dragon ya bungwe la OWASP. Zonse zimagwiritsa ntchito njira ya STRIDE, imene Loren Kohnfelder ndi Praerit Garg anaiyambitsa ku Microsoft mu 1999. Njirayi ili ndi mafunso 6. Kodi munthu angadzinamize kuti ndi wina? Angasinthe zolembedwa? Angachite chinthu n'kudzakana kuti si iye? Angaone zimene si zake? Angatseke sisitemu kuti ena asaigwiritse ntchito? Angadzipatse mphamvu zimene sanapatsidwe? Werenganinso funso lachiwiri ndi lachitatu, Akonzi, muli kuganizira za Cashgate.

Ineyo ndinaona phindu lake pamene tinkakonza pulogalamu ya gulu lina losunga ndi kubwereketsa ndalama. Tinajambula zonse mu Threat Dragon, ndipo titafika pa malo osungira mbiri ya ngongole, funso lokana lija linatiimitsa. Tinapeza kuti monga tinakonzera, msungichuma akanatha kufufuta ngongole ya mlamu wake osasiya phazi lililonse. Palibe mwa ife amene anaganizapo zimenezi, chifukwa maganizo athu onse anali pa akuba a pa intaneti. Kukonza kwake kunangotitengera masana amodzi: tinagwirizana kuti cholembedwa chisamafufutike, cholakwika chizikonzedwa ndi cholembedwa china chokhala ndi dzina la wokonzayo, ndipo munthu wachiwiri azivomereza. Zikanadziwika patapita zaka 2, mamembala atakangana kale pa ndalama, ikanakhala nkhani ya kupolisi. M'mera mpoyamba.

Koma ndichenjeze anzanga a ntchito. Chida cha threat modeling chimatulutsa mndandanda wautali wa ziopsezo, ndipo n'zosavuta kungousindikiza, kuuika m'fayilo n'kunena kuti tathana nazo. Chidacho sichidziwa Malawi. Sichidziwa kuti kalaliki akamapita kumaliro amasiyira mnzake pasiwedi kuti ntchito isaime, kapena kuti magetsi akazima anthu amabwerera ku mapepala n'kudzalowetsa zonse mawa lake popanda wowayang'anira. Sichidziwanso kuti nambala ya foni imene mukutumizako kodi yachinsinsi ikhoza kukhala m'manja mwa munthu wina amene wachita chinyengo pa SIM khadi. Zimenezi amazidziwa ndi kalaliki, wa maakaunti ndi ejenti wa pamsika. N'chifukwa chake pojambula paja ayenera kukhalapo, osati ife a makompyuta tokha. Pa msonkhano wathu wojambula pulogalamu ya gulu losunga ndalama lija, amene anafunsa funso lothandiza kwambiri anali mayi wogulitsa tomato amene sanagwirepo laputopu.

Pempho langa likupita kwa a PPDA, amene amayang'anira kagulidwe ka zinthu za boma. Kampani iliyonse yofuna kontrakiti ya sisitemu yosunga ndalama za boma kapena mbiri ya anthu izipereka chikalata cha threat modeling: ziopsezo zimene yapeza, mmene idzatsekere chilichonse, ndi zimene yasiya dala pamodzi ndi chifukwa chake. Chikalatacho chiziwunikidwa ndi munthu wosadya nawo kontrakitiyo. Popeza tili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024, a MACRA nawo ali ndi poyambira pofunsa zomwezi ku mabanki ndi makampani a mafoni. Ndipo ku mayunivesite a MUBAS, MUST, UNIMA ndi Mzuni, wophunzira asamapereke pulojekiti yake yomaliza popanda chojambula chosonyeza pamene wakuba angalowere.

Ine wanu,
Wolemba mapulogalamu,
Blantyre