Wosewera asathamangire ukochi wamkulu

A Mkonzi,

Matimu athu kuno ku Blantyre amakonda kupatsa wosewera timu yonse akangopachika nsapato. Onani njira imene anayenda Tony Dungy mu mpira wa ku America wa NFL.

Iye anasewera kumbuyo ku Pittsburgh Steelers mu 1977 ndi 1978, kenako ku San Francisco 49ers mu 1979. Mu 1981 Steelers inamulemba ngati kochi wothandizira, kenako inamupatsa kagulu kochepa chabe, otchinga akumbuyo. Mu 1984 ndi pamene anayamba kuyang'anira otchinga onse. Ukochi wamkulu anaupeza mu 1996 ku Tampa Bay Buccaneers, ataphunzira ntchito zaka zoposa 15.

Ngakhale zinali choncho, zinamuvutabe. Otchinga ake anali olimba, koma mbali yomwetsa inali yofooka, ndipo Philadelphia Eagles itawatulutsa m'ndime yachipulula zaka ziwiri zotsatizana, anachotsedwa ntchito mu 2002. Ku Indianapolis Colts anapeza Peyton Manning, woponya mpira waluso, ndipo mu 2007 anakhala kochi wamkulu wachikuda woyamba kupambana Super Bowl, masewera omaliza olimbirana chikho cha NFL.

Osewera athu ayambe ndi timu ya achisodzera kapena kuphunzitsa magoloboyi, uku akutenga ziphaso za ukochi za CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa.

Wokonda masewera,
Ndirande, Blantyre