Ngongole ya digiri ya unamwino tiziiyeza ndi malipiro a ku Harare

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga kuno ku Harare, makamaka ife ana a anthu amene adachokera ku Malawi, amene timaonana ku CCAP Lamulungu ndi pamaliro ku Mufakose, ku Mbare ndi ku Highfield. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30 ndipo pano ndidapuma. Chandilembetsa kalatayi ndi chimene ndidakapeza kwa achimwene anga mwezi wathawu.

Mwana wawo wamkazi ali m'chaka chachitatu cha digiri ya unamwino, ndipo ndi mtsikana wakhama amene ntchitoyi amaikondadi. Fizi ya chaka choyamba idachokera m'tindalama timene achimwene adasunga. Yachiwiri alamu anga adatapa ku chipeleganyu cha amayi, chimene anzathu a Chishona amati mukando. Pofika chaka chino kudalibenso kotapa, ndiye adapita kwa wakatapila, chikole chake makina osokera. Makina omwewo ndi amene ankadyetsa banja, chifukwa alamu amasoka mayunifolomu a ana asukulu. Atalephera kubweza miyezi iwiri, anyamata adabwera ndi ngolo yokankha n'kuwanyamula. Ine pofika ndidapeza alamu atakhala pakhonde, tepi yoyezera idakali m'khosi, nsalu zodula kale zili pamiyendo, posokera palibe.

Nditafunsa kuti ankaganiza zobweza bwanji, achimwene adati, “Achemwali, musade nkhawa. Mwanayu akangomaliza apita ku UK, zonse zibwerera.” Mawu amenewa ndawamva m'makomo ambiri, ndipo ndi amene akutilowetsa m'mavuto. Tikukongola madola lero powerengera mapaundi amene sitidawaone. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

N'zoona kuti anamwino athu ambiri adapita ndipo akuthandiza abale awo. Koma njirayo idapapatiza. Mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika Zimbabwe pamndandanda wa mayiko amene ali ndi antchito azaumoyo ochepa kwambiri, ndipo chifukwa cha zimenezi dziko la Britain sililola kuti mabwana ake azibwera kudzakopa anamwino kuno. Munthu atha kudzifunsira yekha ntchito, koma ayenera kukhala ndi kalata ya ku Nurses Council of Zimbabwe yomuchitira umboni, ndipo nkhani ya kuvuta kwa makalata amenewa idalembedwa kambirimbiri m'manyuzipepala. Kenaka pali mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, mayeso a pakompyuta a CBT, ndi a OSCE amene amakachitira komweko. Onsewa ndi olipira, kutanthauza ngongole ina pamwamba pa yakale. Nanga khomo lija la ntchito yosamalira okalamba ku Britain, limene lidadzaza makalasi a nurse aide mumzinda muno? Lidatseguka mu February 2022. Pofika March 2024 adaletsa kupita ndi banja, ndipo mu July 2025 adasiya kulemba anthu atsopano ochokera kunja pantchito imeneyi. Khomo lidatseguka n'kutsekeka digiri ya zaka zinayi isadathe.

Choncho ndalama yoti tiziwerengera ndi imene namwino amalandira kuno kwathu. Wa m'boma amalandira ina m'madola a ku America, ina mu ZiG, ndalama ya dziko lino imene idayamba mu April 2024. Amene tidagwira ntchito mu 2008, ndi pamene dola ya dziko lino idabwerera mu 2019, tikudziwa mmene malipiro amasungunukira munthu ali pamzere ku banki. Ine ndidalandirapo malipiro a mwezi wathunthu osakwana kukwerera kombi sabata imodzi, koma kuwodi ndinkapitabe, wapansi, chifukwa odwala ankadikira. Ngongole ya madola siisungunuka choncho. Wakatapila amafuna madola ake ndi chiwongoladzanja chake, zivute zitani. Ndiponso namwino alibe mphamvu zambiri zokakamiza kuti amuonjezere. Mu April 2018 anamwino pafupifupi 16,000 amene ankanyanyala ntchito adauzidwa kuti achotsedwa, ngakhale pambuyo pake adabwerera. Lamulo la mu 2023 lidaletsa antchito azaumoyo kunyanyala kupitirira maola 72, ndipo wolakwira atha kukakhala kundende.

Wina asandimve molakwa, digiri sindikuinyoza. Imatsegula njira ya kuphunzitsa anamwino, ya utsogoleri, ndi ya maphunziro apamwamba, ndipo atsikana a digiri amene ndidagwira nawo ntchito adandiphunzitsa zambiri ngakhale ndidali mayi wawo. Koma poyamba ntchito tonse tinkavala yunifolomu imodzi, kugona naiti limodzi, kusambitsa odwala limodzi. Phindu la digiri limadza mochedwa, pamene wakatapila amagogoda pachitseko kutha kwa mwezi uliwonse.

Kwa banja lopanda pogwira, ine ndimati liyambe layesa dipuloma ya zaka zitatu imene amaphunzitsa m'zipatala monga Parirenyatwa, Sally Mugabe imene ambiri timangoti pa Gomo, Chitungwiza ndi zipatala zina za mishoni. Pamafunika maphunziro asanu a O Level, kuphatikizapo Chingerezi ndi sayansi. Wophunzira amalandirako kangachepe kuchokera ku boma ali pasukulu, ndipo akamaliza amayenera kuligwirira ntchito kwa kanthawi. Ndikudziwa kuti malo ndi ochepa, ofuna ndi miyandamiyanda, ndipo mwana atha kufunsira kawiri katatu osaitanidwa. Zimapweteka kumuona ali pakhomo anzake akupita ku koleji. Komabe akalowa amatuluka wopanda ngongole, ndipo digiri atha kudzaichita ali pantchito, monga amachitira ena ku Zimbabwe Open University.

Amene mwatsimikiza za digiri, chonde musanasaine pepala lililonse pezani namwino amene akugwira ntchito pano, mumupemphe mwaulemu akuuzeni chimene amatsala nacho akachotsa lendi, kombi, magetsi ndi chakudya. Chotsalacho ndicho chidzabweze ngongole. Mwana naye akhalepo powerengerapo, chifukwa goli limeneli lidzagwera iye, pamodzi ndi fizi ya ang'ono ake imene tonse timayembekezera kuti adzalipira. Ndipo chida chimene chimakudyetsani musachiike chikole.

Kwa aboma ndi mabanki pempho langa ndi lakuti pakhale ngongole yeniyeni ya ophunzira unamwino, ya chiwongoladzanja chochepa, yoyamba kubwezedwa munthu akalembedwa ntchito, ndiponso m'ndalama imene akulandirayo.

Mwana wa achimwene watsala ndi chaka chimodzi, ndipo sitingamusiye panjira. Loweruka likudzali abale tikumana kwanga kuti tisonkherane, poyamba zokaombolera makina a alamu sukulu zisanatsegulidwe, kenaka tione za fizi. Ndamuuza mtsikanayo kuti abwere ndi kope ndi cholembera, akhale pafupi ndi ine.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito
Mufakose, Harare