Kalata yochokera ku Athens: za Poseidon

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba.

Loweruka lapitali ndinakwera basi kupita ku Sounion, makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda uno. Pamwamba pa thanthwe loyang'ana nyanja ya Aegean pali kachisi wa Poseidon, mulungu wa nyanja wa Agiriki akale, amene anamangidwa cha m'ma 440 BC. Denga linagwa kalekale koma zipilala zoyera zidakali chilili. Mphepo ya pamenepo, achimwene, imakankha munthu ngati ikufuna kumuponyera m'madzi.

Amati ana atatu aamuna a mulungu wina wakale, Kronos, anachita maere pogawana ulamuliro: Zeus anatenga kumwamba, Hades dziko la akufa, Poseidon nyanja. Pa zithunzi amagwira mkondo wa nsonga zitatu. Koma chimene chandikhala pamtima ndi dzina lina limene ankamutcha: Wogwedeza Dziko. Anthuwa ankamupembedza ndi mantha, pakuti nyanja yomwe inkawapatsa nsomba ndi malonda ndiyo inkamezanso amuna awo ndi ana awo.

Imvani za Helike, mzinda wina wakale wa Agiriki wa m'mphepete mwa nyanja. Unali wotchuka chifukwa cha kachisi wa Poseidon yemweyu. Mu 373 BC, usiku umodzi m'nyengo yozizira, kunachita chivomezi, nthaka inatitimira, madzi nkukwirira mzinda wonse ndi anthu ake. Agiriki anati mulunguyo wakwiya chifukwa eni mzindawo anakaniza fano lake Agiriki anzawo a ku Ionia, kutsidya kwa nyanja, amene anadzalipempha. Patapita zaka zoposa 100, opalasa mabwato pamalopo ankanenabe kuti fano lake lamkuwa lili chiimire pansi pa madzi ndipo limakola maukonde a asodzi. Tangoganizani, mulungu kumiza anthu omupembedza, iye nkutsala ataima yekha pansipo! Zimenezi zandimvetsa chisoni kwambiri. Ndinakumbukira agogo akamatiuza za Napolo mvula ikakokolola midzi m'munsi mwa phiri; nawonso ankatsitsa mawu potchula dzinalo.

Ndinakhala pathanthwepo mpaka dzuwa kulowa, ndikuyang'ana zombo zikudutsa kulowera ku Piraeus, doko la mzinda wa Athens. Amalinyero akale akaona zipilala zimenezi ankadziwa kuti kwawo kwayandikira. Ine nditaziona ndinapukwa kwathu.

Zithunzi nditumiza pa WhatsApp mawa. Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti jekete lija ndikuvala.

Ndine mnzanu wa kale lomwe.