Kachipangizo kowerengera mabuku kanditopetsa

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule. Mwana wanga wa ku Johannesburg ananditumizira kachipangizo kowerengera mabuku, kaja ka sikirini ya e-ink yooneka ngati pepala. Poyamba ndinakakonda zedi. Batire limatha masabata angapo, poti sikiriniyo imadya moto pokhapokha ukatembenuza tsamba, ndiye magetsi akazima ine ndimangowerenga.

Koma chichitireni update mwezi watha, kakundizunza. Ndikatembenuza tsamba, zilembo za tsamba lapitalo zimatsalira mbuu ngati mzukwa kuseri kwa zatsopano. Dzulo kanaiwala pomwe ndinalekezera, n'kundibwezera ku mutu woyamba wa buku la masamba 400! Mabatani otembenuzira tsamba kalibe, ndipo m'mphepete mwake ndi mochepa moti posowa pogwira, chala chikangokhudza galasi tsamba lathawa. Nanga munthu azikagwira bwanji, ndi mano?

Chondiwawa kwambiri ndi chilembo cha ŵ. M'mabuku ena a Chichewa chimasanduka kabokosi, dzina la Malaŵi n'kubooka pakati. Dikishonale ya Chichewa namonso mulibe. Nyimbo za kwaya yathu, zomwe zili mu PDF, zimatuluka tizilembo ngati nyerere, mandala anga osaphula kanthu. Lamlungu ndinachita kubwereka pepala la mnzanga wa tenala.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba