Abusa a CCAP abwerere m'kalasi imodzi

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi atsogoleri a masinodi a CCAP. Mu 2024 mpingowu udakwanitsa zaka 100. Tidavala nsalu, makwaya adaimba, ndipo mawu akuti umodzi adatchulidwa mpaka makutu kuwawa. Koma funso limodzi sindidalimve: abusa amene tikufuna kuti agwirizanewo, kodi akuphunzira kuti, ndipo akukhala pabenchi limodzi ndi yani?

Ine ndine mwana wa m'busa, mphunzitsi wopuma ntchito, komanso mkulu wa mpingo. Nkhani ya sukulu za ubusa ndidakula nayo m'nyumba.

Pachiyambi mishoni iliyonse inkaphunzitsa anthu ake payokha, ndipo zonse zinkachedwa mofanana. A Livingstonia adafika mu 1875, koma abusa oyamba achikuda, a Yesaya Zerenje Mwasi, a Jonathan Chirwa ndi a Hezekiah Tweya, adadzozedwa mu 1914. A Blantyre adayamba mu 1876, ndipo a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha adadzozedwa mu 1911. Kwathu kuno ku Sinodi ya Nkhoma mishoni idayambira pa Mvera mu 1889, koma a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza adalandira ubusa mu 1925. Werengani nokha: paliponse padapita zaka zoposa 30. Sikuti anthu anzeru kudalibe. A Matecheta adali atagwira kale ntchito ya uthenga pakati pa Angoni kuyambira m'zaka za m'ma 1890. A Charles Domingo adamaliza maphunziro a zaumulungu pa sukulu ya Dr Robert Laws ku Khondowe, napatsidwa chilolezo cholalikira, koma kudzozedwa kokha ayi, mpaka adatopa nachoka. Pamene iwo ankadikira, a John Chilembwe, amene adapita ku America mu 1897 nakaphunzira ku Lynchburg, adali atabwerako kale mu 1900 ali m'busa wodzozedwa. Amishoni aja mabuku sankamana, koma kolala ankaiumira. Za zimenezi ndilekere pomwepa, chifukwa mlandu wanga lero suli ndi azungu.

CCAP idapangidwa mu 1924 ndi a Livingstonia ndi a Blantyre, a Nkhoma nalowa mu 1926. Komabe kwa zaka zambiri umodziwo udali wa pamisonkhano chabe. M'busa wa ku Ekwendeni ndi m'busa wa ku Mlanda ankatha kukalamba osaonana. Zinthu zidasintha mu 1963, pamene masinodi adagwirizana zophunzitsa abusa awo pamalo amodzi, ku Nkhoma. Bambo anga adalowa kolejiyo patangopita zaka zochepa, ndipo ife ana tidapita nawo.

Ndinali wamng'ono, koma zina ndimazikumbukira bwino. Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala banja la kumpoto. Mayi a m'nyumbamo Chichewa chinkawavuta, mayi anga Chitumbuka osachidziwa n'komwe, koma ankabwerekana mchere ndi sefa tsiku ndi tsiku, manja akugwira ntchito ya pakamwa. Mayi anga adali a Chigwirizano, anzawowo a Umanyano, ndipo kuseri kudali wina wa Mvano wochokera ku Mulanje. Atatuwa ankakangana za kavalidwe ka yunifomu uku akusinja pamtondo umodzi. Mwezi wa June, mphepo ikamatsika m'phiri la Nkhoma, abambo ankasonkhana m'nyumba mwathu madzulo kuzungulira mbaula, nyali ya galasi ili pakati, akufunsana mawu a Chigiriki. Bambo anga ankalemba mawuwo pa timapepala todula ku makatoni a sopo, n'kumatiika m'thumba la malaya. Loweruka ankapopa njinga, Lamulungu m'mamawa n'kunyamuka awiriawiri kukalalikira m'midzi. Mnzawo wa kumpoto uja ankakonza ulaliki wake m'Chichewa, bambo anga n'kumamuwongolera. Tsiku lina adabwerako akuseka, chifukwa agogo ena adamuuza mlendoyo kuti uthenga adaumva ndithu, koma Chichewa chake chikufunika ubatizo.

Mmodzi mwa aphunzitsi awo adali Abusa Stephen Kauta Msiska a ku Livingstonia, amene adadzakhalanso mkulu wa kolejiyo. Taganizani: anyamata a ku Dowa ndi ku Dedza kuphunzitsidwa za Mulungu ndi munthu wa kumpoto, pa likulu lenileni la Sinodi ya Nkhoma, popanda woona chachilendo. Bambo anga mpaka imfa yawo ankawatchula aphunzitsiwa mwaulemu waukulu.

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 ndale za chipani chimodzi zidalowerera, a Msiska adachoka pa udindo, ndipo maphunziro adakapitirira ku Kapeni ku Blantyre. Chimene ndimagoma nacho n'chakuti akuluakulu a nthawi imeneyo sadanene kuti basi aliyense kwawo. Adamanganso, ndipo mu 1977 Zomba Theological College idatsegulidwa. Chaka chotsatira a Anglican adalowa nawo. Ansembe amene amafukiza lubani ndi abusa amene adakulira pa katekisma wa Akalvini ankaphunzira Chipangano Chakale kwa mphunzitsi mmodzi. Dziko la Malawi silidaonenso chinthu chotero.

Nanga lero? A Anglican adatsegula koleji yawo ya Leonard Kamungu mu Zomba momwemo. Dzinalo n'loyenera, pakuti a Kamungu adadzozedwa unsembe mu 1909, asanadzozedwe aliyense mwa abusa ndatchula m'masinodi athu aja, ndipo adakafera ku Msoro ku Zambia mu 1913. A Livingstonia ali ndi sukulu yawo ku Ekwendeni pansi pa yunivesite yawo. Ife a Nkhoma tili ndi Josophat Mwale Theological Institute. Ena amapita ku Justo Mwale ku Lusaka. Zomba ikadalipo, ndipo yakula mpaka kutchedwa yunivesite, koma siilinso khomo limene m'busa aliyense wa CCAP amayenera kudzerapo. Mnyamata atha kubadwira m'sinodi imodzi, kuphunzira momwemo, kudzozedwa momwemo, osadyapo nsima ndi mnzake wa sinodi ina.

Zifukwa zake ndikuzidziwa, ndipo sindizinyoza. Mipingo idachuluka kuposa abusa. Kuno kwathu m'busa mmodzi amatha kukhala ndi nyumba za mapemphero zambirimbiri, akhristu ena n'kumaona mgonero mwa apo ndi apo. Malo ku Zomba adali owerengeka, ndipo sinodi iliyonse inkalandira gawo lake lochepa. Kusamutsa munthu ndi banja lake lonse kwa zaka zingapo ndi ndalama zambiri. Palinso miyambo yosiyana: ife tidaleredwa ndi a Dutch Reformed a ku South Africa, anzathu ndi a ku Scotland, ndipo m'busa wa Nkhoma ayenera kudziwa Zolamulira (buku la malamulo a sinodi yathu) ndi chilangizo, zimene sangaziphunzire bwino kwina. Zonsezi n'zoona. Koma pofuna kuchulukitsa abusa tidataya chinthu chimene sitidachiwerengere mtengo.

Taonani mkangano wa malire pakati pa Nkhoma ndi Livingstonia. Udayambira m'madera a ku Dwangwa ndi ku Kasungu, ndipo lero masinodi onse awiri ali ndi mipingo m'dera la mnzake. M'tauni imodzi mumapezeka matchalitchi awiri a CCAP, zikwangwani zikusiyana mawu a m'munsi okha. Sindikunena kuti sukulu ndiyo idabala mkanganowu. Muli nkhani ya chiyankhulo, ya anthu osamukira ku maesiteti, ya chopereka, ndiponso ya mitundu, imene timaopa kuitchula. Koma amene adzakhale pansi kuti authetse ndi abusa achinyamata a lerowa, ndipo ambiri a iwo sadziwana. Munthu amene udabwerekana naye zolemba usiku wa mayeso umatha kutsutsana naye kolimba pamsonkhano, koma kumulembera kalata yachipongwe dzanja limalemera.

Wina andikumbutsa za 1992, pamene a Blantyre ndi a Livingstonia adaima ndi mabishopu a Katolika pofuna kusintha kwa ndale, a Nkhoma n'kuima paokha, chonsecho ambiri mwa abusawo adaphunzira limodzi. N'zoona, kalasi imodzi siipanga anthu kukhala ndi maganizo amodzi. Chimene ndidaona ine n'chakuti m'zaka zovutazo bambo anga ndi mnzawo wa kumpoto uja sadaleke kulemberana. Ankasiyana maganizo kwambiri, makalata ena bambo ankawawerenga nkhope itachita tsinya, koma ankayankha. Pa maliro a bambo, mkuluyo adakwera basi usiku wonse ali wokalamba kale, nalalikira m'Chichewa chake chija. Kodi abusa amene akudzozedwa chaka chino adzakhala ndi wotani wa kutsidya lina woti adzawaike m'manda?

Sindikupempha kuti Ekwendeni kapena Josophat Mwale atsekedwe. Nyumba zidamangidwa, aphunzitsi alipo, ndipo ntchito ikugwirika. Pempho langa kwa a General Assembly ndi alembi aakulu a masinodi ndi ili: wophunzira ubusa aliyense, asanadzozedwe, akakhale chaka chimodzi pamodzi ndi anzake a masinodi ena, kaya ku Zomba kaya mosinthana malo. M'chaka chimenecho wa ku Nkhoma akalalikireko ku Rumphi, aphunzire kupereka moni ndi kupemphera m'Chitumbuka, ndipo wa ku Karonga akayendere odwala ku Thyolo. A Harare ndi a Zambia asasiyidwe, pakuti nawonso ndi CCAP. Aphunzitsi nawo azisinthana, monga zidalili ndi a Msiska.

Mudzati ndalama zichokera kuti. Ife akulu a mpingo timadziwa zimene zimasonkhedwa pa mapepa sande ndi pa masika, ndipo timadziwanso kuti zambiri zimathera ku matailosi, mipanda ndi magalimoto. Pa mpingo pathu tikhoza kusunga wophunzira mmodzi wa sinodi ina kwa miyezi itatu, chimanga ndi nyemba tili nazo, chipinda chilipo kunyumba ya abusa. Nkhaniyi ndaiika kale pa mndandanda wa zokambirana za bwalo lathu la mwezi wamawa, ndipo ikavomerezedwa tidzaitumiza ku presibitale.

Mkulu wa mpingo,
Dedza