Kalata kwa Mpingo: Za Nyimbo ndi Mapulogalamu Amene Sitinalipire

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye wathu Yesu Khristu,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Kalatayi ndakhala ndikuzengereza kuilemba kwa miyezi ingapo, chifukwa woyamba kutsutsika nayo ndine ndemwe. Tsiku lina mmodzi wa achinyamata athu, amene amadziwa za makompyuta, anabwera kudzakonza kompyuta ya mu ofesi ya mpingo. Ali mkati mogwira ntchito anandifunsa kuti, "Abusa, laisensi ya pulogalamu yolembera iyi ili kuti?" Ndinayamba kusanthula mapepala, koma iye anandiletsa mwaulemu: "Musadzivute, abusa, palibe. Iyi ndi yokiraka." Ankatanthauza kuti inathyoledwa loko kuti izigwira ntchito osalipira. Ndinakhala pansi. Maulaliki anga a zaka zingapo, ngakhale uja wa pa Malamulo Khumi, ndinawalemba pa pulogalamu imene mwini wake sanalandirepo kanthu. Amene anatiikira anachita motithandiza, ndipo ine sindinafunse chifukwa sindinkafuna kumva yankho.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuona zimene kale ndinkangozidutsa. Nyimbo zimayenda kuchoka pa foni kupita pa foni, chimbale chonse chimakoperedwa pa fulashi m'kanthawi kochepa, mabuku a nyimbo za kwaya amapangidwa fotokope mpaka dzina la wopeka kufufutika. Ambiri a ife amene timachita zimenezi sitingatole ngakhale cholembera cha mnzathu osapempha. Ndiye vuto lagona pati?

Ndikuganiza kuti lagona pa mfundo imodzi imene ndaimva kwa achinyamata ndi akulu omwe. Amati, "Ndikatenga njinga ya munthu, iye amatsala wopanda njinga. Ndikakopera nyimbo yake, nyimboyo akadali nayo. Ndamubera chiyani?" Funsoli si lopusa, ndipo sindikufuna kuliyankha mothamanga. N'zoona kuti fayilo siichepa chifukwa yakoperedwa, monga kandulo sazima chifukwa wina wayatsirapo wake. Ngakhale malamulo a maiko amasiyanitsa kuba katundu ndi kuphwanya umwini wa luso.

Koma taganizirani za woyimbayo. Nyimbo ya mphindi 4 imene mukuimvera ija, iye anaigonera usiku. Analipira situdiyo, oyimba zida, wosakaniza mawu, wojambula chikuto, nthawi zina ndi ndalama zokongola. Anachita zonsezi podalira chinthu chimodzi: kuti amene aikonde nyimboyo adzabweza kangachepe. Chimene timamulanda tikakopera si fayilo ayi, ndi malipiro ake. Ndipo pa nkhani ya malipiro Malemba sanong'ona. Levitiko 19:13 akuletsa kugona ndi malipiro a waganyu kufikira m'mawa. Deuteronomo 24:15 akuti umlipire dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pomwepo. Yeremiya 22:13 akulengeza tsoka kwa munthu wogwiritsa mnzake ntchito osamlipira. Yakobo 5:4 ndiye amandiopsa kwambiri: akuti malipiro obisidwa a okolola amafuula, ndipo kufuulako kumafika m'makutu a Ambuye. Onani kuti eni minda a kwa Yakobo sanathyole nyumba ya munthu. Anangosangalala ndi zokolola, n'kuiwala manja amene anakolola.

Ena amaganiza kuti nkhaniyi inabwera ndi intaneti. Ayi ndithu. Mu 1525 Martin Luther, munthu amene sankalandira ndalama pa zolemba zake, analemba chenjezo laukali kwa osindikiza amene ankatenga mabuku ake n'kuwasindikizanso mothamanga, odzaza ndi zolakwika, ndipo anawafanizira ndi mbala ndi achifwamba. Chinkamupweteka chinali chakuti ena akhetse thukuta, ena adye phindu, ndipo mawu ake afike kwa anthu atapotozedwa. Lamulo loyamba lodziwika loteteza olemba linakhazikitsidwa ku Britain mu 1710, ndipo mu 1886 maiko anagwirizana ku Berne kuti azitetezerana ntchito za olemba ndi opeka. Mu 1976, makompyuta a pakhomo akungoyamba kumene, Bill Gates analembera kalata anthu okonda makompyuta kuwadandaulira kuti ambiri akugwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani yake osagula. Kenako mu 1999 kunabwera pulogalamu ya pa intaneti yotchedwa Napster, imene inachititsa kuti anthu mamiliyoni azigawana nyimbo kwaulere mpaka pamene milandu ya kukhoti inaitseketsa mu 2001. Zida zasintha, koma mtima wofuna kukolola pamene sunafese ndi womwewo.

Tsopano ndikhale woona mtima pa mbali inayo, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuyankha mumtima. Mukuti, "Abusa, makampani amenewa ndi olemera kuposa maboma ena. Ine wophunzira, wopanda ntchito, ndikapanda kukiraka pulogalamu yojambulira mapulani kapena yokonzera zithunzi, ndiphunzira bwanji?" Ndikukumvani, ndipo sindikulemba kalatayi ngati loya wa makampani. Ena mwa iwo amaika mitengo yosaganizira wosauka. Ena amasainitsa oyimba mapangano oti woyimbayo amatsala ndi nyenyeswa. Masiku ano munthu amalipira mwezi ndi mwezi pulogalamu imene kale ankagula kamodzi. Zimenezi nazonso Mulungu amaziona, ndipo mneneri Amosi akanakhalapo sakanazisiya. Ndikhulupiriranso kuti wophunzira amene wakopera buku limodzi kuti akhoze mayeso sali pa mlandu wofanana ndi munthu amene amabena (kukopera) zimbale mazanamazana n'kumagulitsa, kusandutsa thukuta la ena kukhala bizinesi yake.

Komabe kulemera kwa mwini chinthu sikunasandutsepo chinthu chake kukhala changa. Lamulo lakuti usabe lilibe mawu ang'onoang'ono pansi pake onena kuti kupatula kwa olemera. Ndiponso tisadzinamize: tikazolowera kusalipira, sitisankha. Dzanja lomwe lakiraka pulogalamu ya kampani yaikulu ndi lomwelo limene limakopera chimbale cha woyimba nyimbo zauzimu amene anakongola ndalama kuti ajambule. Kampani ija mwina siimva kuwawa. Woyimbayo amamva, ndipo chimbale chachiwiri sichituluka. Ife n'kumadabwa kuti anazimirira kuti munthu wa mawu okoma uja.

Chimene chinanditonthoza pamene ndinkasinkhasinkha ndi lamulo la khunkha la pa Levitiko 19:9-10. Mulungu analamula eni minda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyeko za osauka ndi alendo. Rute anadyetsa apongozi ake ndi khunkha limeneli, ndipo palibe anamutcha wakuba. Dziwani kuti pa nkhani ya makompyuta khunkha lilipo, ndipo ndi lochuluka kuposa mmene ambiri timadziwira. Mu 1983 Richard Stallman anayambitsa ntchito ya GNU, cholinga chake chili kupanga mapulogalamu amene aliyense angawagwiritse ntchito, kuwasintha ndi kuwagawa momasuka. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anatulutsa Linux, imene lero imayendetsa makompyuta ambiri osunga intaneti ndipo ndi maziko a Android m'mafoni athu. Pali LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama, GIMP yokonzera zithunzi, Audacity yojambulira mawu, MuseScore yolembera manotsi a nyimbo. Zonsezi eni ake anazipereka ndi manja awiri. Kuyambira 2002 palinso malaisensi a Creative Commons, amene woyimba kapena wolemba amalengeza nawo yekha kuti ntchito yake igawidwe. Ndipo nyimbo zakale zambiri za chipembedzo zili zomasuka, chifukwa umwini umatha pakapita zaka 50 wopekayo atamwalira, m'maiko ena 70, ngakhale kuti chojambulidwa chatsopano kapena kamasulidwe katsopano ka nyimbo yakaleyo kamakhala ndi mwini wake.

Wina anandiwerengera Mateyu 10:8, kuti tinalandira kwaulere, tipatsenso kwaulere. Ndi mawu okoma, koma Ambuye ankauza ophunzira za chimene iwo eni apereke. Sanawatume kukagawa za anthu ena. Mavesi awiri okha kutsogolo, Ambuye omwewo akuti wantchito ayenera chakudya chake. Ngati mwapeka nyimbo ndipo mukufuna kuti dziko lonse liimve kwaulere, Mulungu akudalitseni. Koma kusankha kumeneko n'kwa wopekayo.

Ndingonena mwachidule za ngozi, poti achinyamata akuzidziwa kuposa ine. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mapulogalamu okiraka nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi obisika, ndipo ambiri amawatseka kuti asamalandire zokonza zochokera kwa eni ake. Kompyuta ya mu ofesi muja munali maina anu, manambala anu ndi kaundula wa zopereka zanu. Ndinaika zinsinsi zanu m'nyumba yopanda chitseko, ndipo pa ichi ndikupepesa.

Sindikufuna kuti kalatayi isandutse wina aliyense wapolisi wa foni ya mnzake. Palibe mkulu wa mpingo amene adzayendere mafulashi a anthu, ndipo palibe adzaitanidwe ku bwalo chifukwa cha nyimbo zimene ali nazo. Zakeyu sanaumirizidwe ndi munthu kuti abweze. Ambuye atalowa m'nyumba mwake, iye yekha anaimirira n'kunena chimene achite. Ndikupemphani chabe kuti aliyense atsegule foni ndi kompyuta yake pamaso pa Mulungu, aone zimene zilimo. Nyimbo imene yakhala ikukutonthozani pa maliro ndi pa matenda, fufuzani njira yoti mwini wake alandireko kanthu: igulani, imvereni pa malo ovomerezeka, pitani kukamuonera akamayimba, kapena mtumizireni mphatso. Zimene simungathe kulipira ndipo zili ndi zolowa m'malo zaulere, zichotseni. Amene ntchito yanu yakhala yobena ndi kugulitsa nyimbo za ena, ndipo ana anu amadya kuchokera pamenepo, musathawe mpingo chifukwa cha kalatayi. Bwerani tikambirane. Aefeso 4:28 sakungoti wakuba aleke, akupitiriza kuti agwire ntchito yabwino ndi manja ake, ndipo kuthandiza munthu kupeza ntchito yoteroyo ndi udindo wa tonsefe.

Kumbali ya mpingo, ndakambirana ndi akulu ndipo tagwirizana izi. Kompyuta ya mu ofesi yafufutidwa ndipo tsopano ili ndi mapulogalamu aulere ovomerezeka. Ndivomereze kuti sabata yoyamba ndinavutika kupeza mabatani, ndipo kalata ino ndailemba pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu. Atsogoleri a makwaya ndi a gulu lotamanda alembe mndandanda wa nyimbo zonse zimene timayimba, kuonetsa pa sikirini kapena kuulutsa pa intaneti, pamodzi ndi maina a opeka, kuti tidziwe zimene zili zomasuka ndi zimene tiyenera kupempha chilolezo kapena kulipira. Ndalama yake iikidwa mu bajeti ya chaka chamawa. Achinyamata atatu adzipereka kuthandiza aliyense wofuna kuikiridwa mapulogalamu aulere, ndipo azipezeka mu ofesi Loweruka lililonse masana mwezi uno. Mukamabwera ndi laputopu, muyambe mwasunga mafayilo anu pena, ndipo musaiwale chaja.

Moni kwa mabanja anu onse, makamaka odwala ndi okalamba amene sitikutha kuonana nawo pa mapemphero. Mundikumbukire m'mapemphero anu monga inenso ndikukumbukirani.

Ine mtumiki mnzanu mwa Khristu,
Mbusa wanu